Sitima ikaima pa doko: mupite ndi a sitima kapena mwa nokha?

Ife a chilimba cha ku Kapata tinasonkha ndalama zaka ziwiri kuti tikakwere sitima ya pamadzi ku Durban, ulendo wa ku Mauritius. Chibwerereni, anthu amandifunsa za chipinda, za chakudya, za mseru wa panyanja. Koma chimene chinatiimitsa mitu ndi tsiku limene sitima yaima pa doko, mwapatsidwa maola owerengeka, ndiye musankhe: kugula ulendo woona malo kwa a sitima, kapena kutsika n'kudzifunira nokha galimoto.

Yambani mwadziwa kuti sitima si basi ya ku Lusaka. Pa Luangwa Bridge mukachedwa kugula nsomba zouma, dalaivala amaliza hutala, anzanu n'kukunenerani kuti "amayi aja sanakwere". Sitima ayi. Nthawi ikakwana amachotsa makwerero. Amene imawadikira ndi amene apita pa ulendo wogula kwa eni sitima, chifukwa basi yawo ikachedwa mlandu ndi wawo. Inu amene mwapita mwa nokha mukatsalira, hotelo ndi ndege yokafika ku doko lotsatira mudzalipira za m'thumba mwanu. Ulendo wa a sitima umadula, inde, koma ndalama yapamwambayo mukugulira mtendere umenewu.

Ndiye ine ndimayang'ana mtunda. Ngati malowo ali pafupi ndi doko, pitani mwa nokha. Ku Port Louis, likulu la Mauritius kumene sitima imaima, msika waukulu ndi masitolo a Caudan Waterfront zili mumzinda momwemo, palibe chifukwa cholipirira munthu wonyamula kambendera kuti akuonetseni pogula zonunkhiritsa ndiwo. Ngakhale munda wa zomera wa Pamplemousses suli kutali. Koma Chamarel, kumene kuli dothi la mitundu 7, ndi kum'mwera chakumadzulo kwa chilumba, ulendo wopitirira ola limodzi m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri. Kumeneko pitani ndi a sitima. N'chimodzimodzi kwa amene mudzakwerere ku Cape Town kupita ku Walvis Bay, doko la ku Namibia: ku Swakopmund, makilomita opitirira pang'ono 30, mutha kupita pa takisi, koma ku Sandwich Harbour galimoto zimadutsa pakati pa milu ya mchenga ndi nyanja, ndipo njira imadalira kuphwa kwa madzi. Pamenepo musayesere.

Ife anayi tinasankha takisi ya ku Pamplemousses. Tinagwirizana mtengo tisanakwere, wa kupita ndi kubwerera, galimoto yonse osati munthu mmodzimmodzi, ndipo tinauza dalaivala kuti ndalama alandira akatibweza pa doko. Titagawana, aliyense anapereka zochepa kwambiri poyerekeza ndi za a sitima. Tinakhala pa dziwe la maluwa aja a masamba aakulu ngati lichero mpaka kukhuta, popanda wotikuwira kuti basi ikunyamuka. Ubwino wopita mwa nokha ndi umenewo, komanso ndalama imalowa m'manja mwa mwini dziko.

Koma tinatsala pang'ono kulira. Mauritius ili patsogolo pa Zambia ndi maola awiri. Alamu anga ndiwo ankasunga nthawi, ndipo foni yawo, poti anaitseka netiweki kuopa mabilu a kunja, inali ikadali pa nthawi ya ku Chipata. Tikudya mwakachetechete, dalaivala anabwera n'kuloza wotchi yake. Ine ndinati, "Alamu, foni yanuyo ikuti bwanji?" Iwo, "Ikadali 13 hours, amake mwana, idyani." Kumeneko inali 15 hours. Tinalowa mumzinda magalimoto atathithikana, alamu atagwira khadi yolowera m'sitima dzanja likunjenjemera, thukuta likutsikira m'khosi, palibe wolankhula. Tinakwera patatsala mphindi zochepa.

Choncho valani wotchi ya pamkono, muitchere pa nthawi ya sitima m'mawa womwewo musanatsike. Nthawi yoti onse akhale atakwera imalembedwa pa pepala la tsiku limene amakuikirani m'chipinda, komanso potulukira, ndipo imakhala isanakwane nthawi yonyamuka. Ijambuleni pa foni, pamodzi ndi nambala ya woimira sitima pa dokolo. Inu dziikireni yanu: mukhale mutabwerera kutatsala maola awiri. Anzanu akanyinyirika, anyinyirike.

Pali madoko ena amene sitima siifika kumtunda. Ku Portuguese Island, pafupi ndi Inhaca ku Mozambique, imaima pakati pa madzi ndipo anthu amawolotsedwa pa maboti aang'ono, motsatana. Mzere umadya nthawi, ndipo nyanja ikalusa mutha osatsika n'komwe. Zikatero, kapena sitima ikasintha doko, ulendo wogula kwa a sitima amakubwezerani ndalama. Koma woonetsa malo wa kunja amene munamulipiriratu pa intaneti, zobweza zili kwa iye. Mufunseni musanatumize ngakhale ngwee, ndipo ayankhe molemba. Safunsa anadya phula.

Mukakhala ndi agogo, ana aang'ono, kapena wina wovutika miyendo, musavutike n'kuwerengera, gulani wa a sitima, koma muwafunse kuti kuyenda pansi kulipo kochuluka bwanji. Kukakhala kukwera sitima koyamba, doko loyamba pitani nawo, muone mmene zimayendera.

Za mapepala musaiwale. Sitima zina za ku Mauritius zimaimanso pa Réunion, ndipo chilumba chimenecho ndi cha France. Kugula ulendo kwa a sitima sikulowa m'malo mwa viza, choncho funsani za pasipoti yanu ya Zambia mukadali kuno, musanalipire tikiti. Potsika nyamulani khadi ya sitima, fotokope ya pasipoti, mankhwala anu a tsikulo, botolo la madzi ndi ndalama zing'onozing'ono za dzikolo. Ku Mauritius ndi ma rupee, ku Mozambique ma metical, pamene ku Namibia ma rand amene mwatsala nawo amalandira.