Musathire Puppy watsopano pa save yakale

Anthu oyenda ndi Puppy Linux pa flashi (kapulogalamu koyendetsa kompyuta yonse, monga amachitira Windows) akusamuka kuchoka ku BionicPup ndi FossaPup kupita ku BookwormPup, ndipo cholakwa chimene chikuwagwetsa n'chimodzimodzi. Munthu atsitsa ISO yatsopano (fayilo imodzi imene Puppy yense amabweramo), aitsegula, n'kuponya mafayilo ake mufoda yomweyo ya Puppy wakale. Akaona kuti watsopanoyo sakuwerenga zinthu zake, asintha dzina la save yakale (fayilo kapena foda yosunga zonse zimene wasintha) kuti lifanane ndi limene watsopanoyo akufuna, n'kuyatsa. Save yakeyo ndi imodzi yokhayo, sanaikopere kwina kulikonse.

Lekani zimenezi, abale. Dzina la save silisiyana pachabe. FossaPup amafunafuna fayilo yoyamba ndi fossapup64save, ya BionicPup amaidutsa dala. Umenewo ndi mpanda umene opanga anaika, inu n'kuugumula ndi manja anu.

Puppy weniweni amakhala mufayilo ya sfs, imene silembedwa kanthu. Chilichonse chimene mwasintha chiyambire, pulogalamu yomwe munaika, pasiwedi ya Wi-Fi, makonzedwe a sikirini, chimapita mu save. Poyatsa, save imayalidwa pamwamba pa sfs, ndipo pakakhala mafayilo awiri a dzina limodzi, yapamwamba ndiyo imamveka. Tsono taganizani. BionicPup 8.0 anamangidwa ndi zipangizo za Ubuntu 18.04, FossaPup 9.5 ndi za Ubuntu 20.04, pomwe BookwormPup ndi wa Debian 12, amene anatuluka mu 2023 (Ubuntu ndi Debian ndi mabanja osiyana a Linux). Pulogalamu iliyonse imene munaika kudzera mu Puppy Package Manager inabwera ndi timafayilo take tothandizira ta nthawi imeneyo, ndipo tonseto tili mu save. Mukaiyala pa Puppy watsopano, takaleto timaphimba tatsopano. Kuli ngati kuthira chimanga cha chaka chino m'nkhokwe yosasesa, anankafumbwe a chaka chatha ali momwemo.

Zotsatira zake n'zodziwika. Browser mukaidina sitseguka, osanenanso chifukwa. Wi-Fi imasowa. Pena sikirini imangoda bii, kamzere koyera kakuphethira pakona. Palinso china chimene ambiri sachidziwa: save imakumbukira ngakhale mafayilo amene munafufuta. Ngati munachotsa fayilo ina mu Puppy wakale, chizindikiro chakuti inachotsedwa chimatsala, ndipo chimabisa fayilo ya dzina lomwelo mu Puppy watsopano, ngakhale ikhale yofunika chotani. Mungafufuze usiku wonse osapeza chavuta.

Chowawa kwambiri n'chakuti kubwerera m'mbuyo kumavuta. Puppy akapeza save ya m'badwo wina amaikonza kuti igwirizane ndi iye, kulemba zake ndi kuchotsa zina. Mukadzati ndibwerere kwa wakale uja, mupeza save si ija munaisiya. Watsopano sakuyenda, wakalenso akutsimphina.

Mlembi wina wa kalabu ya alimi a mtedza ndi soya ankasunga kaundula wa ngongole ya mbewu mu Gnumeric, pulogalamu yowerengetsera ngati Excel, mufoda ya my-documents, imene imakhala mkati mwa save. Laputopu yake inali yakufa batire, yodalira chingwe. Anasintha dzina la save monga ndafotokozeramu, zinthu n'kusokonekera, ndipo ali mkati mozimitsa kuti ayesenso, magetsi anathima. Pa flashi, Puppy amasunga zosintha mu RAM (memori imene imafufutika magetsi akathima) n'kumazitsitsira mu save pakapita mphindi 30 zilizonse komanso pozimitsa, ndiye magetsiwo anamudula ali pakati polemba. Save inakana kutseguka. Msika utayandikira, bamboyu anayenda khomo ndi khomo kufunsa aliyense kuti anatenga makilogalamu angati, ndipo pa nkhani ya ngongole si onse amene amakumbukira bwino.

Ena amati, "Ife takhala tikupanga choncho, zimayenda." Zimayenda mukamachoka pa BookwormPup 10.0 wina kupita pa 10.0 mnzake wa banja lomwelo, ndipo ngakhale apo wanzeru amayamba wakopera save. Kudumpha kuchoka ku Ubuntu kupita ku Debian ndi nkhani ina. Enanso amasintha fayilo yaikulu ya sfs yokha, mafayilo oyatsira a vmlinuz ndi initrd.gz n'kusiya zakale, kenako n'kumadabwa kompyuta ikunena kuti sfs sikupezeka. Initrd.gz ndiyo imadziwa dzina la sfs yoti ifune, ndipo madalaivala a mu sfs ina yotchedwa zdrv amagwira ntchito ndi vmlinuz ya m'gulu lake basi. Mafayilowa amayendera limodzi. Kaya n'kuumira malo a pa flashi kaya n'changu, mtengo wake umaposa wa flashi yachiwiri.

Chitani izi. Yatsani Puppy wakale ndi pfix=ram (mawu owonjezera pa menyu yoyatsira) kuti save isatsegulidwe, chifukwa kuikopera ikugwira ntchito kumatulutsa kopi yowonongeka. Ikopereni pa flashi ina kapena pa hard disk, mukukumbukira kuti flashi yofometedwa ndi FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo ngati save yanu ndi foda imafuna malo ofometedwa mwa Linux, monga ext3 kapena ext4. Yerekezani checksum ya ISO (nambala yotsimikizira kuti fayilo yafika yathunthu) ndi imene opanga analemba, poti intaneti yodukaduka imabweretsa fayilo yoperewera. Pangani foda yatsopano, muikemo vmlinuz, initrd.gz ndi mafayilo onse a sfs ochokera mu ISO. Mu menu.lst kapena grub.cfg, fayilo ya menyu yoyatsira, onjezani ndime yachiwiri yoloza fodayo ndi psubdir (mawu otchula foda imene Puppy ali), yakale musaikhudze.

Yatsani watsopanoyo wopanda save, muyese Wi-Fi, mawu ndi printer. Zikayenda, pangani save yatsopano pozimitsa, mapulogalamu muike mwatsopano. Kopi ya save yakale mukaidina mu ROX-Filer, pulogalamu yoonera mafayilo, imatseguka ngati foda: tengamoni makalata ndi zithunzi zokha. Kuyambira pamenepo makalata ofunika azikhala ku /mnt/home, kunja kwa save. Laputopu yakufa batire musachitirepo ntchitoyi, flashi musaizule kompyuta isanazimiretu, ndipo foda yakale muifufute patapita masabata angapo watsopanoyo akugwira ntchito bwino.