Foni yatsopano isakudyereni bandulo

Mukagula foni yatsopano ya Android musathamangire kuikamo bandulo musanakonze zinthu zingapo. Yanga nditangoitulutsa m'katoni, kapulasitiki ka pagalasi ndisanamatule n'komwe, ndinagula bandulo ya sabata. Kudzuka m'mawa, yatheratu. Foni yatsopano imabwera ndi ma app ambiri ofuna kudzikonza okha, ndiye ikangopeza intaneti ikhoza kukoka data usiku wonse inu muli mtulo.

Yambani ndi Play Store. Dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanja, kenako Settings, Network preferences, Auto-update apps, n'kusankha kuti izichita zimenezi pa Wi-Fi pokha. Ngati Wi-Fi simuipeza kawirikawiri, ingotsekani, muzichita nokha tsiku limene mwagula bandulo ya usiku.

Koma mbava yeniyeni ndi magulu a pa WhatsApp: la kumpingo, la banki mkhonde, la kumudzi lija lomwe anthu amatumizamo mavidiyo a ukwati a mphindi 10. Mu WhatsApp lowani Settings, Storage and data, ndipo pamene palembedwa When using mobile data chotsani zonse, zithunzi, mawu, mavidiyo ndi zikalata. Kupatula mauthenga a mawu (ma voice note), zimenezi sizidzalowanso zokha, muzitsitsa chimene mwachifuna. Malo m'foni nawonso sadzaza msanga.

Mu Google Photos onetsetsani kuti zithunzi sizikutumizidwa ku intaneti ndi bandulo yanu, chifukwa kamera za masiku ano zimajambula zithunzi zolemera. Mukatero yatsani Data Saver mu Settings ya foniyo, kuti ma app amene simunatsegule asamadye data kuseri.