Malangizo: kuseŵera gemu ya Wii muli pa njinga kuti mtima ulimbe

Malangizowa ndi a anthu amene anavulala mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana ndipo amayendera njinga ya olemala. Anakonzedwa poganizira kutentha kwa ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja. Wa ku Chipata, ku Petauke kapena kucigwa ca Luangwa dzuŵa lotere amalidziŵa, conco awatsate mmene alili.

Miyendo ikaleka kugwira nchito, thupi siliwotca mafuta ndi shuga monga kale, ndipo matenda a mtima amabwera msanga. Makina a magemu a pa TV ochedwa Nintendo Wii, amene anatuluka mu 2006, amamva kuyenda kwa rimoti ili m'dzanja lanu, conco mungalimbitse nawo thupi ndi manja okha. Sankhani nkhonya za mu gemu ya Wii Sports, cifukwa manja onse aŵiri amaponyedwa mosalekeza. Gemu ya bowling njosangalatsa, koma mtima sudziŵa n'komwe kuti mwaseŵera.

Yambani mwakambirana ndi a fiziyo, a kucipatala othandiza kulimbitsa ziwalo. Musanayatse TV, tayani madzi kapena onani kuti paipi ya mkodzo siinapindike. Mangani mabuleki onse aŵiri. Loŵetsani dzanja m'kacingwe ka rimoti n'kukamanga. Ngati zala sizigwira, kulungani rimoti kudzanja ndi bandeji. Amene thupi silikhazikika amange lamba pacifuwa.

Akatswiri a kuvulala kwa msana anafalitsa muyeso wa maseŵera olimbitsa thupi mu 2018: mphindi 20 kaŵiri pa sabata kuti thupi lilimbe, koma pofuna kuteteza mtima, mphindi 30 katatu pa sabata. Musalumphire pamenepo tsiku loyamba. Yambani ndi mphindi 5, n'kumawonjezera. Ndipo musanamize makina pogwedeza cikhatho cokha. Mapointi mudzapeza, phindu ayi. Nkhonya icokere m'phewa. Muziŵefuka ndithu, koma muzitha kulankhula mau angapo. Muyeso wa kulankhulawu ndi wodalirika kuposa kuŵerenga kugunda kwa mtima, pakuti kwa ovulala m'khosi mtima suthamanga kwambiri ngakhale atatoperatu.

Kumunsi kwa povulala thupi silicita thukuta bwino, ndiye kutentha kumakanirira m'kati. Mu Okutobala ndi Novembala, m'nyumba ya malata, seŵerani m'mamaŵa. Ikani pafupi madzi akumwa ndi kansalu konyowa koika m'khosi. Pakapita mphindi 15 mpaka 30, dzinyamuleni kapena pendamirani mbali kuti matako asacite zilonda. Phewa likayamba kulasa, lekani, popeza phewa lomwelo ndilo limakuyendetsani.

Cenjezo lalikulu ndi la amene anavulala pa fupa la msana lochedwa T6, la kumbuyo kwa cifuwa, kapena camtunda. Mukamva mutu ukugunda mwadzidzidzi, nkhope yatentha, thukuta latuluka kumtunda kwa povulala, mphuno zatsekeka, ndiye kuti BP yakwera koopsa. Kaŵirikaŵiri cocititsa ndi cikhodzodzo codzaza. Lekani gemu pomwepo. Musagone, khalani cilili pa njinga, miyendo pansi. Wokusamalirani amasule lamba, nsapato ndi zovala zothina, awongole paipi ya mkodzo. Mutu ukapanda kuleka, thamangirani kucipatala ndipo auzeni fupa limene munavulala.