Kulawa tiyi wa mandimu, chidede ndi jinja

Mwafunsa momwe mungadziwire wokoma pa atatuwa. Konzani makapu atatu ofanana, supuni yaing'ono, sefa ndi masamba a ku Thyolo kapena Mulanje osakaniza kale, ena ndi mandimu, ena ndi chidede, ena ndi jinja. Madzi akhale opanda mchere. A m'mijigo ina kuno ku Mangochi amapha kukoma.

1. Ikani supuni imodzi ya masamba m'kapu iliyonse, mtundu uliwonse m'kapu yakeyake.
2. Thirani madzi owira, vundikirani mphindi 4, sefani. Mukapitiriza, tiyi amawawa.
3. Nunkhizani musanamwe.
4. Yambani ndi wa mandimu, wa jinja akhale womaliza. Ambiri amalakwitsa apa: jinja amatentha lilime, enawo n'kumangomveka ngati madzi. Muzichukucha m'kamwa musanalawe wina.
5. Shuga adikire kaye. Mkaka usayandikire wa chidede, umangogwirana timibulu ngati chambiko.