Pakamwa Pakhota, Khutu Likuwawa: Zoyenera Kuchita Nkhupakupa Ikalowa M'khutu

Mwana amene amakadyetsa mbuzi kumadambo a ku Chilwa, kapena amasewera ndi galu pakhonde, akadandaula za khutu kenako n'kudzuka pakamwa patakhotera mbali imodzi, diso likukana kutseka, musathamangire kunena kuti walodzedwa. Mwina m'khutumo mwalowa nkhupakupa. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pafupi kwambiri ndi mpita wa khutu, ndipo malovu a nkhupakupa ali ndi poizoni woufoola. Akuluakulu nawonso zimawachitikira.

Choyamba, muuzeni mwanayo akweze manja onse awiri, ayende, ayankhule. Ngati mkono kapena mwendo wafooka, kapena kupuma kukuvuta, nyamukani pompo kupita kuchipatala, musadikire kuti kuche. Imeneyo ingakhale sitiroko kapena poizoni atafalikira.

Kenako kokerani khutu kumbuyo pang'ono n'kuunika ndi tochi ya foni. Nkhupakupa yokhuta magazi imaoneka ngati kanyemba kotuwa, ndipo ambiri amaiyesa phula. Mwaiona kapena simunaione, ntchito ya manja anu ithere pamenepo.

Apa ndinenetse, chifukwa m'pamene ambirife timalakwitsa chifukwa cha chifundo chomwe. Kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku, palafini, madzi a zitsamba, zonsezi zisayandikire khutulo. Nkhupakupa imazika mlomo wake m'khungu. Mukaikoka mwamphamvu, thupi limaduka, mutu n'kutsalira, pamalopo n'kuchita mafinya. Mukaitokosa, mungaboole nembanemba ya m'kati, mwana n'kuyamba kumva movutikira.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Matawale, ku Domasi kapena ku St Luke's ku Malosa. Zikavuta adzakutumizani ku Zomba Central. Mukafika, auzeni adokotala kuti pakhomo pali ziweto, ndipo apempheni aunike m'khutu. Iwo ali ndi kachida koonera m'kati ndi kopanira, moti amaichotsa yonse ndi mutu womwe.

Diso losatsekalo musaliiwale, limauma msanga n'kuchita zilonda. Funsani mankhwala odontheza, litetezeni ku fumbi ndi utsi wa kukhitchini, ndipo usiku muzilitseka n'kuliphimba monga akuuzireni kuchipatala.

Nkhupakupa ikachoka, nkhope nthawi zambiri imabwerera mwakale pakapita masiku kapena milungu ingapo. Ikachedwa, kapena kukabwera malungo ndi zilonda pakhungu, bwererani. Galu ndi mbuzizo zisambitseni mankhwala a nkhupakupa, alangizi a ziweto akuuzani oyenera, ndipo nyengo ya dzinja muziwaona ana kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi akamachokera kutchire.