Asodzi anzanga, GPS ya pafoni sifuna bandulo

Asodzi ambiri a ku Senga Bay ndi ku Chikombe mukafika pakati pa nyanja netiweki n'kuthawa, mumati foni yatha ntchito. Ayi ndithu. GPS, njira yomwe foni imadziwira pomwe muli, simadalira nsanja za mafoni. Foni imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti omwe ali makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo ikapeza anayi kapena kuposerapo imadziwa pomwe muli. Sizidya mayunitsi.

Chofuna intaneti ndi mapu okha. Choncho mudakali kumtunda, tsegulani Google Maps, musunge mapu a dera lanu mufoni kuti azioneka popanda netiweki. Kenaka ikani chizindikiro padooko lanu, china pamene mwatchera maukonde. Usiku kulibe mwezi, kapena mwera ukakukankhirani cha ku Mbenji mapiri osaoneka, kadontho kabuluu koonetsa pomwe muli pamapu n'komwe kadzakulozereni kumudzi. Zimandiwawa kumva bwato lasochera anthu ali ndi foni m'thumba.

GPS imatha batire msanga, ndiye muziyang'ana pofunika pokha. Foniyo muikulunge m'pulasitiki yoonekera, mumange bwino, ndipo poyang'ana muziigwira poyera kuti isatchingike ndi matabwa kapena zitsulo.