Kasankhidwe ka ma die a zipolopolo za mfuti yayitali pa progressive press

Munthu amene wangogula progressive press, makina opangira zipolopolo amene amagwira zigoba zingapo nthawi imodzi pa malo osiyanasiyana, amakhala ndi chiyembekezo chimodzi: akuganiza kuti aziika chigoba cha mkuwa mbali ino, n'kukoka mkono wa makina, chipolopolo chathunthu n'kugwera m'bokosi mbali inayo. Pa zipolopolo za pisitomu zimayendadi choncho. Koma zigoba za mfuti yayitali, monga .223 Remington, .308 Winchester kapena .30-06, zili ndi khosi ndi phewa ngati botolo, ndipo maonekedwe amenewa ndi amene ayenera kukutsogolerani musanatulutse ndalama ya die iliyonse, chida chachitsulo chimene chimamangidwa pa makinawa kuti chigwire ntchito yake pa chigoba.

Tiyambe ndi lamulo, popeza ambiri a ife kuno ku Johannesburg tinabwera kuchokera kwathu. Lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limalola munthu amene ali ndi laisensi ya mfuti kudzipangira zipolopolo za mfuti yakeyo basi, osati zogulitsa. Laisensiyo imaperekedwa kwa nzika ya South Africa kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Pa mfuti iliyonse mungasunge zipolopolo zosapitirira 200 ndi ma primer (tizitsulo ta kumunsi kwa chigoba timene timayatsa onga) osapitirira 2400, pokhapokha ngati munalembetsedwa monga mlenje kapena wamasewera owombera wodzipereka kudzera m'bungwe lovomerezeka. Ngati mapepala amenewa mulibe, nkhani ya ma die idikire kaye.

Die yofunika kuposa zonse ndi yobwezera chigoba mu msinkhu wake. Mfuti ikalira, mkuwa umafutukuka n'kutenga maonekedwe a chipinda cha mfutiyo, ndipo ntchito ya die ndiyo kuupanikizanso kuti ulowe bwino ulendo wotsatira. Pali full-length die, yomwe imafinya thupi lonse, phewa ndi khosi, ndipo pali neck die, yomwe imagwira khosi lokha. Ine ndimalangiza full-length die kwa aliyense amene akugwiritsa ntchito progressive press. Chifukwa chake n'chakuti makinawa mumawagula kuti mupange zipolopolo zambiri nthawi imodzi, ndipo zigoba zofinyidwa khosi lokha zimafika poti bawuti ya mfuti, chitsulo chokankhira chipolopolo m'chipinda n'kutseka kumbuyo kwake, siitsekanso mosavuta. Mukazindikira zimenezi mutapanga kale mazana awiri, ntchito yophwasula imakhala yowawa. Neck die ili ndi malo ake, makamaka pa .303 British ya Lee-Enfield yakale imene imatambasula mkuwa kwambiri, koma ntchito imeneyo imayenda bwino pa makina a malo amodzi. Palinso small-base die, imene imafinya m'munsi mwa chigoba mopitirirako pang'ono. Imathandiza pa mfuti zodzilonga zokha kapena pa mkuwa umene unaomberedwa mu mfuti ya munthu wina, koma musaigule mfuti yanu isanakusonyezeni kuti ikuifuna, chifukwa imatopetsa mkuwa msanga.

Die yabwino yoikidwa molakwika imaposedwa ndi die yotsika mtengo yoikidwa bwino. Choncho tsiku logula die mugulenso case gauge ya mtundu womwewo wa chipolopolo, kachitsulo kamene mumalowetsamo chigoba kuti muone ngati chili pa msinkhu woyenera, pamodzi ndi chida choyezera pamene phewa lafika. Pa mfuti ya bawuti phewa libwerere m'mbuyo pafupifupi mainchesi 0.002, omwe ndi mamilimita 0.05, pa mfuti yodzilonga yokha libwerere 0.003 kapena 0.004. Mukapyola pamenepa mkuwa umatambasuka pa kuomba kulikonse mpaka umadzaduka chakumunsi, pamene mumayamba kuona kamzere kowala kozungulira chigoba. Pali chinthu china chimene mabuku ambiri sachitsindika mokwanira: mbale yonyamula zigoba pa progressive press imapendekeka pang'ono malinga ndi katundu amene yasenza. Mukatchera die muli chigoba chimodzi chokha, muyeso udzasintha pamene malo onse adzaza. Mutchere ndi kuyeza malo onse ali ndi zigoba, kenako mumange nati.

Mafuta sangapewedwe. Ena amamva kuti kampani ya Dillon imapanga ma die a carbide, chitsulo cholimba kwambiri, a .223 ndi .308 n'kuganiza kuti atha kusiya kudzoza zigoba monga achitira ndi za pisitomu. Carbide pa mfuti yayitali imangotalikitsa moyo wa die, koma chigoba cha khosi chimafunabe mafuta. Ine ndinaphunzira zimenezi usiku wina wa mu June m'galaja yanga ku Rosettenville, zala zili gwa ndi chisanu, pamene chigoba chimodzi chouma chinalowa pakati pa zodzozedwa. Mkono wa makina unalemera, ndinaukoka mwamphamvu, ndipo mkombero wa chigoba unathothoka n'kusiya thupi lonse litakanirira m'kati mwa die. Ndinadikira masiku anayi kuti ndipeze chida chotulutsira, chimene chimaboola chigoba n'kuchikoka ndi bawuti. Chidacho chigulidwe pamodzi ndi ma die. Mafuta ochuluka nawonso amabonyola phewa, choncho mudzoze pang'ono ndipo paphewa pakhale pouma.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chigoba chikafinyidwa chimatalika, ndipo chiyenera kuyezedwa ndi kudulidwa pakhosi, mutu wa chipolopolo usanaikidwe: .308 Winchester isapitirire mainchesi 2.015, ndipo .223 Remington isapitirire 1.760. Khosi lotalika limapanikizika kumapeto kwa chipinda cha mfuti, n'kugwira mutu mwamphamvu ndi kukweza mphamvu ya kuphulika moopsa. N'chifukwa chake ntchitoyi imagawidwa maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wochotsa primer yakale ndi kufinya chigoba. Kenako mumadula, kusalaza milomo ndi kuchotsa mafuta. Ulendo wachiwiri ndi woika primer, onga ndi mutu. Mukamagula, muganizire maulendo awiriwa. Pa Dillon RL550, imene ili ndi malo anayi, kapena XL750, imene ili ndi asanu, mufunika ma toolhead awiri, zitsulo zochotseka zimene ma die amamangidwapo. Pa Hornady Lock-N-Load AP mufunika ma bushing, timphete tomangira die pa makinawo, okwanira die iliyonse. Pa malo oyamba a ulendo wachiwiri muikepo universal decapping die, die yongochotsa primer, kuti singano yake izichotsa timbewu totsukira zigoba timene timatsalira m'kabowo ka moto.

Za singano imeneyi, samalani ndi mkuwa wakale wa asilikali umene umapezeka kwambiri m'dziko muno. Wina uli ndi primer ya Berdan, yokhala ndi timabowo tiwiri m'malo mwa kamodzi kapakati, ndipo umathyola singano nthawi yomweyo. Muunike m'kati ndi tochi musanauike pa makina, ndipo musunge singano zapadera.

Die yoikira mutu musankhe imene imagwira mutu mowongoka usanalowe m'khosi, monga za Forster, Redding kapena Hornady zokhala ndi kachubu kotsetsereka m'kati, chifukwa mbale ikamazungulira mutu umakonda kupendama. Yokhala ndi micrometer, kachida kotembenuza kokhala ndi manambala otcherera kuya kwa mutu, imapindulitsa ngati mumasinthasintha mitu. Ngati mumaombera mtundu umodzi chaka chonse, ndalamayo mugulire ma primer. Mitu yosongoka kwambiri imafuna kuti tsinde lokankhira mutu m'kati mwa die likhale logwirizana nayo, apo ayi nsonga imagunda pansi pa tsindelo ndipo kutalika kwa zipolopolo kumasiyanasiyana. Ngati mfuti yanu ikufuna crimp, kutanthauza kufinya mlomo wa chigoba kuti ugwire mutu, ichitike pa malo akeake ndi die ngati Lee Factory Crimp, osati pamodzi ndi kuika mutu. Mfuti zambiri za bawuti siziifuna n'komwe.

Mazinga a ma die ambiri ndi ofanana, 7/8-14, moti mutha kusakaniza ma die a RCBS, Lee ndi Redding pa makina amodzi. Chovuta chimakhala malo: manati akuluakulu amagundana pa toolhead, ndipo die ya thupi lalifupi nthawi zina imasowa mazinga otsala pamwamba, mpaka nati kumangidwira pansi. Mukamapita kusitolo, kapena ku chionetsero cha HuntEx ku Gallagher Convention Centre ku Midrand, mutenge toolhead yanu m'chikwama kuti muyeserepo. Ngati malo amodzi atsala, muikepo chida choyang'anira onga, popeza onga wooneka ngati timitengo tating'ono umatha kutsekeka pa khosi laling'ono la .223, ndipo m'nyengo youma ya kuno umamatiriranso ku pulasitiki ya chosungiramo. Muyeso wa onga muutenge m'buku la kampani imene inaupanga, monga la Somchem pa onga wa m'dziko muno, ndipo zipolopolo khumi zoyambirira zidutse mu case gauge chimodzichimodzi musanapitirize ndi zotsalazo.